Ndagula nyumba ku Midrand, koma a komiti andiimitsa kuikonza

"Ndine mayi wochokera ku Chilomoni ku Blantyre, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito ya unamwino ku Johannesburg kwa zaka zambiri. Chaka chino Mulungu wandikomera mtima, ndagula nyumba yosanja mu complex ina (nyumba za anthu ambiri mu mpanda umodzi) ku Midrand pa ngongole ya kubanki. Nyumbayo ndi yakale ndithu, choncho ndisanalowemo ndinaitana alamu anga, omwe ndi mmisiri womanga, kuti andikonzere. Tachotsa matailosi, ndipo khoma la pakati pa khitchini ndi pabalaza tagumula kale theka. Ndikufunanso kutseka khonde lakuseri kuti likhale chipinda cha amayi anga akamabwera kudzacheza, kuika zitsulo m'mawindo, komanso sola padenga. Tsiku lachitatu alonda a pageti anawabweza alamu angawo, ndipo madzulo ake ndinalandira kalata yoti ndiimitse ntchito ndikaonane ndi komiti yoyang'anira complex sabata yamawa, apo ayi andilipiritsa chindapusa. Mtima wandipweteka kwambiri. Nyumba ndagula ndi thukuta langa, nanga anthuwa akulowererapo bwanji? Kapena n'chifukwa choti ndine mlendo m'dziko muno?"

Mayi, ndayamba ndakondwera nanu. Munthu wochoka ku Chilomoni n'kudzagula nyumba yakeyake ku Joni ndi malipiro a unamwino wagwira ntchito yaikulu, ndipo kalata imodzi isakuchotsereni chimwemwe chimenechi. Nyumbayo palibe amene akulandeni. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikuyang'anira ntchito zokonza nyumba m'ma complex a ku Gauteng kuno, chigawo chimene muli Johannesburg, makalata otere ndawaona ambirimbiri. Amalandira Azulu, azungu, Amwenye, ngakhale anthu amene anabadwira ku Midrand komweko. Sindikunena kuti tsankho kulibe, tonse okhala kuno tikulidziwa ndipo ena tinalilawa. Koma pa zimene mwafotokozazi, wina aliyense akanachita zomwezi akanalandira kalata yomweyo.

Tisanafike kwa a komiti, pali chinthu chimene chandidetsa nkhawa kuposa chindapusa, ndicho khoma mwagumula thekalo. Mwati nyumba ndi yosanja. M'nyumba zotere, makoma ena a pansi amasenza silabu ya chipinda cham'mwamba, ndipo maso okha sangakuuzeni kuti ndi khoma liti. Amisiri ambiri amayeza kunenepa kwake: likakhala la njerwa imodzi yogona m'litali, pafupifupi mamilimita 110, amati ndi logawira zipinda chabe, likakhala la mamilimita 220 kapena 230 amati ndi losenza katundu. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho, koma si nthawi zonse. Ndinaitanidwapo ku nyumba ina kumene mwini wake anachotsa khoma lopyapyala Loweruka. Pofika Lachitatu, chitseko cha chipinda cham'mwamba chinayamba kukana kutsekeka, ndipo pamwamba pa felemu panatuluka mng'alu wochepa ngati ulusi, wokwera chopendekera kupita kusiling'i. Patatha masabata awiri mng'alu womwewo unaonekera kwa neba, pakuti nyumbazo zinali zogundana khoma. Ndalama zimene bamboyo anawononga pokonza nyumba ziwirizo zikanamulipirira injiniya kambirimbiri.

Choncho musadikire tsiku la msonkhano. Sabata ino, itanani injiniya wa zomangamanga wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la ECSA adzaone khomalo. Asanabwere, pasagwe njerwa ina ngakhale imodzi, ndipo ngati mwaona mng'alu watsopano kapena chitseko cham'mwamba chayamba kukakamira, muimbireni lero lomwe ndipo m'chipinda cham'mwambamo musagone munthu. Akapeza kuti khomalo silisenza kanthu, akulemberani kalata, ndipo kalata imeneyo ndi imene idzakuyankhulireni bwino kumsonkhano. Akapeza kuti limasenza, akuuzani kukula kwa bimu yofunika kuikapo, ndipo pamenepo padzafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, pakuti Midrand ili pansi pa khonsolo imeneyi. Lamulo la zomangamanga la dziko lino la 1977 limafuna zimenezo, kaya muli mu complex kaya muli panokha.

Tsopano tibwere ku funso lanu lenileni, loti anthuwa akulowererapo bwanji. Kwathu ukagula poloti n'kumanga mpanda, za m'kati mwa mpandamo ndi zako: ukafuna khitchini yakuseri umamanga, ukafuna khola la nkhuku umamanga, neba amangosuzumira. Kuno m'ma complex zinthu zinakonzedwa mwina, ndipo chimapweteka anthu athu ambiri n'chakuti pogula palibe amene anawakhazika pansi n'kuwafotokozera malire a chimene agulacho. Tengani chikalata cha umwini, title deed ija, kapena mapepala amene munasainira kwa loya wosintha umwini, muone kuti nyumba yanu ili m'gulu liti mwa magulu awiri.

Gulu loyamba amalitcha sectional title, ndipo nyumba zosanja zogundana makoma za ku Midrand zambiri zili m'gulu limeneli. Ndikukhulupirira kuti yanunso ili momwemu. Apa chimene munagula ndi m'kati mwa nyumba, kulekezera pakati penipeni pa khoma lakunja, pakati pa silabu ya pansi ndi pakati pa siling'i. Theka lakunja la khoma, denga, nthaka, misewu ndi mpanda ndi katundu wa eni nyumba nonse pamodzi. Bungwe la eni nyumba nonsewo ndilo body corporate, ndipo inu munakhala membala wake tsiku limene nyumba inalembedwa m'dzina lanu, popanda kufunsira. Anthu amene akulemberani kalatawo ndi ma trustee, osankhidwa ndi eni nyumba pamsonkhano wapachaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi maneba anu amene amagwira ntchitoyi akaweruka kuntchito zawo. Lamulo limene amayendera ndi Sectional Titles Schemes Management Act la 2011, limene linayamba kugwira ntchito mu October 2016.

Gulu lachiwiri ndi lija la homeowners association, ambiri amangoti HOA. Kumeneko nyumba yonse ndi nthaka yake ndi zanu, denga lomwe, koma m'chikalata cha umwini munalembedwa kuti ndinu membala wa bungwe la eni nyumba ndipo mudzamvera malamulo ake. Mabungwe amenewa amalimbikira kwambiri maonekedwe akunja: mtundu wa penti, kutalika kwa mpanda, mtundu wa denga. Ena amaganiza kuti malamulo a HOA ndi ongoopsezera, koma mu 2019 khoti lalikulu la apilo m'dziko lino, pa mlandu wa Mount Edgecombe Country Club Estate kufupi ndi Durban, linagamula kuti malamulo otere ndi pangano pakati pa bungwe ndi eni nyumba, ndipo wogula nyumba kumeneko ndiye kuti walivomera. Palinso malo ena akuluakulu kumene complex ya sectional title ili m'kati mwa estate ya HOA, moti chilolezo umafunika kuchitenga kuwiri. Funsani ngati kwanuko kuli choncho.

Mukamvetsa malire amenewa, mapulani anu onse asanu amagawika okha. Matailosi ndi a m'kati, ndi anu, ndipo kawirikawiri chimene komiti imafuna n'kungodziwitsidwa kuti ntchito iyamba liti, itha liti, ndipo zogumulazo zikatayidwa kuti. Ngati mudzakhudzenso bafa lam'mwamba, ndikupemphani chinthu chimodzi: mmisiri asaike matailosi asanapake mankhwala otchinga madzi pansi ndi m'makoma a shawa. Madzi a m'shawa akayamba kulowa m'silabu amakatulukira kwa neba, ndipo mlandu wa madzi ndi umene umadanitsa anthu m'ma complex kuposa ina yonse imene ndaiona.

Zitsulo za m'mawindo musade nazo nkhawa. Malamulo amene boma linaika kuti akhale maziko a ma complex onse a sectional title amalola mwini nyumba kuika zotchinga mbava, bola zikhale zolimba ndipo kapangidwe ndi mtundu wake zikhale zimene ma trustee avomereza polemba. Yendani m'complex yanuyo madzulo ano, muone zimene maneba anaika, muzijambule pa foni, ndipo mukapemphe zofanana nazo. Sindinaonepo pempho lotere likukanidwa.

Sola ndi nkhani ina chifukwa denga si lanu nokha. Kuchokera pamene kuzimazima kwa magetsi kunavuta kwambiri m'dziko muno, ma complex ambiri anakonza ndondomeko yake: pamene mapanelo angaikidwe, amene angawaike, ndiponso amene adzalipire denga likadontha pamalo obooledwawo. Funsani ngati kwanuko ndondomekoyo ilipo kale. Ngati palibe, zitenga nthawi, ndipo pakadali pano inverter ndi batire za m'nyumba zingakuthandizeni popanda kukwera padenga. Ntchito iliyonse ya mawaya, ya sola kapena yosuntha masoketi a pakhoma logumulidwalo, aigwire munthu wolembetsedwa amene angakupatseni satifiketi ija amati CoC, yotsimikiza kuti mawaya aikidwa motsatira malamulo. Pepala limeneli lisungeni ngati pasipoti. A inshuwalansi amalifunsa moto ukabuka, ndipo lidzafunikanso tsiku limene mudzafune kugulitsa nyumba.

Khonde ndilo limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti mtima wanu uli pamenepo. Kufuna kuti amayi akhale ndi chipinda chawochawo akabwera n'chinthu chabwino, ndipo sindikufuna kukugwetsani mphwayi, koma ndikuuzeni zoona: mwa zonse zimene mwatchula, ichi ndicho chovuta, chodula komanso chochedwa. Makonde ndi timinda takuseri m'ma complex ambiri si mbali ya nyumba imene munagula. Ndi malo a onse amene inu nokha munapatsidwa ufulu wowagwiritsa ntchito, ndipo mapepala a complex ndi amene angatsimikize ngati lanulo lili choncho. Mukalitseka ndi makoma n'kulisandutsa chipinda, pamaso pa lamulo ndiye kuti mwakulitsa nyumba yanu polowa m'malo a onse. Zimenezo ma trustee paokha alibe mphamvu yozivomereza, ngakhale atakukondani bwanji. Pamafunika chigamulo chapadera cha eni nyumba, chovomerezedwa ndi mavoti 75 pa 100 aliwonse, powerengera anthu komanso kukula kwa nyumba zawo, pamsonkhano umene anthu adziwitsidwa masiku 30 usanachitike. Kenako wojambula mapulani kapena woyeza malo amakonza pulani yatsopano, imapita kwa Surveyor-General, mkulu wa boma woona za kuyeza malo, n'kukalembetsedwa ku Deeds Office, ofesi yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, kuwonjezera pa chilolezo cha khonsolo. Zonse zikatha, levy yanu, ndalama imene mumasonkha pamwezi yoyendetsera complex, imakwera, chifukwa imawerengedwa potengera kukula kwa nyumba.

Mudzapeza anthu okuuzani kuti, "Aaa, a nambala yakuti anatseka lawo, palibe anawafunsa." N'zoona, alipo ambiri. Koma ndaona anthu otere akulira tsiku logulitsa nyumba, pamene wogula kapena banki yake apeza kuti chipinda chilipo koma pa pulani palibe, malonda n'kuima miyezi. Ndaonanso ena akulamulidwa kugumula chipinda chimene anamanga ndi ndalama za ngongole. Safunsa adadya phula. Ngati chipindacho mukuchifunadi, chikonzereni chaka chathunthu ndi thumba lakelake la ndalama, ndipo muyambe n'kucheza ndi maneba a mbali zonse ziwiri, poti mavoti awo ndi amene mudzawafune.

Za alamu anu. Ndikumva mmene zinawawira, munthu wamkulu, mmisiri wodziwa ntchito, kubwezedwa pageti ndi zida zake m'manja. Koma ma complex ambiri amafuna kuti mmisiri aliyense alembetsedwe kaye, asonyeze chiphaso kapena pasipoti ndi chilolezo chogwirira ntchito m'dziko muno, ndipo mwini nyumba asainire kuti chilichonse chimene amisiri ake awononge adzalipira ndi iye. Ena amafunanso ndalama ya chikole, imene imabwezedwa ntchito ikatha popanda kuphwanya msewu kapena geti. Pamakhalanso maola ogwirira ntchito, ndipo malo ambiri salola phokoso la amisiri Lamlungu ndi pa masiku a tchuthi. Alondawo amangotsatira zimene anauzidwa, musawasungire chakukhosi, ndi anthu amene muzidzawadalira usiku mukamachokera kuchipatala. Ngati mapepala a alamu anu ali bwino, kawalembetseni basi. Ngati sali bwino, ndikulankhula monga mbale wanu: musawalowetse mozemba, chifukwa mudzaika pamoto iwowo ndi inu nomwe. Ndipo ngakhale ali achibale, lemberanani pepala la ntchito, mtengo wake, ndi magawo a malipiro. Chibale chimakhala bwino pamene aliyense akudziwa chimene analonjeza.

Tsopano msonkhanowo. Lero lomwe yankhani kalata ija mwachidule pa imelo: mwailandira, ntchito mwaimitsa, mudzabwera, ndipo mukupempha kuti akutumizireni malamulo onse a complex, amene amawatcha conduct rules ndi management rules, pamodzi ndi fomu yopemphera chilolezo chokonza nyumba. Nthawi zambiri zimenezi zimakhala kwa managing agent, kampani imene imalembedwa ntchito yosunga mabuku ndi kutolera levy. Malamulowo muwawerenge ndi cholembera m'manja. Patsikulo tengani kalata ya injiniya, zithunzi za mmene nyumba ilili panopa, ndi pepala limodzi lofotokoza ntchito imene mukufuna kugwira, amene aigwire, ndi masiku ake.

Mukalowa, musayambe ndi mawu oti nyumba ndi yanga. Iwo akudziwa kuti ndi yanu. Chimene sakudziwa n'chakuti ndinu munthu wotani, ndipo chimene akuopa ndi khoma la neba, fumbi, ndi anthu osadziwika olowa pageti. Dzidziwitseni monga mmene mungachitire mutasamukira m'mudzi wa eni: ndine uje, ndimagwira ntchito yakuti, ndagula nambala yakuti, sindimadziwa kuti pamafunika chilolezo, ndapepesa, ndipo nazi zimene ndachita chilandirireni kalata yanu. Kupepesa chifukwa choyamba ntchito musanafunse sikukuchotserani ulemu uliwonse, ndipo ndaona nkhope za anthu a komiti zikumasuka pamene munthu watulutsa kalata ya injiniya asanamufunse n'komwe. Pemphani kuti zosavutazo, matailosi ndi zitsulo, azivomereze msanga kuti mulowe m'nyumba, ndipo khonde ndi sola zikhale nkhani ya payokha. Chilichonse chimene avomere chilembedwe. Mawu a pakamwa a wapampando sadzakuthandizani chaka chamawa komiti ikadzasintha.

Nanunso muli ndi zoti muwafunse, ndipo ufulu woona mabuku muli nawo. Pemphani malipoti a chuma a chaka chatha, bajeti, ndi zimene anakambirana pamsonkhano wapachaka wapitawu. Lamulo limafuna kuti body corporate ikhale ndi thumba la ndalama zosungira kukonza zinthu zikuluzikulu, komanso ndondomeko ya zaka 10 ya zokonzakonza. Mwati nyumbazo ndi zakale, ndiye funsani mosabisa ngati pali levy yapadera imene ikubwera, ya denga, ya penti kapena ya mapaipi. Si bwino kuthera ndalama zonse pa makabati a kukhitchini kenako n'kulandira bilu ya denga imene simunaiyembekezere. Funsaninso za inshuwalansi. Nyumba zonse m'complex ya sectional title zimakhala pa inshuwalansi imodzi ya body corporate, koma mukakongoletsa m'kati ndi zinthu zodula muyenera kunena kuti mtengo wa nyumba yanu ukwezedwe, ndipo katundu wa m'nyumba ndi udindo wanu.

Nanga chindapusa? Komiti singangodzuka n'kutchula ndalama. Chindapusa chiyenera kukhala cholembedwa m'malamulo a complex, ndipo muyenera kupatsidwa mpata wonena mbali yanu. Akachitchula, funsani mwaulemu kuti chachokera pa lamulo liti. Kwa munthu amene waimitsa ntchito msanga n'kubwera ndi mapepala, kawirikawiri nkhani imathera pa chenjezo. Cholakwa chimodzi chokha musachite ngakhale mutakwiya bwanji: musasiye kulipira levy pofuna kuwakhaulitsa. Ngongoleyo imabereka chiwongoladzanja, imafika kwa maloya, ndipo mlandu wanu wabwino umasanduka woipa.

Zikadzavuta, mwachitsanzo akukanizani chinthu chimene maneba ena analoledwa, osapereka chifukwa, kapena pempho lanu lakhala miyezi osayankhidwa, kapena mwaona poyera kuti akukuchitirani mosiyana chifukwa cha kumene munachokera, pali kokadandaula. Boma linakhazikitsa Community Schemes Ombud Service, mwachidule CSOS, imene imamva mikangano ya m'ma sectional title ndi m'ma HOA momwe. Inu mumailipira kale, ndi kandalama kaja kosapitirira R40 pamwezi kamene kamaoneka pa sitetimenti ya levy. Amafuna kuona kuti munayesa kaye kuthetsa nkhani m'complex mwenimo, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kulemberana. Amayamba ndi kukuyanjanitsani, zikakanika woweruza wawo amagamula, ndipo chigamulocho chimatha kukakamizidwa ngati cha khoti. Loya wodziwa za sectional title mudzamufune ngati injiniya wapeza kuti nyumba ya neba yakhudzidwa, ngati mwalandira kalata yochokera kwa maloya a complex, kapena mukadzayamba za khonde zija. Ndipo ngati pokonza mupeze vuto lalikulu limene wogulitsa analibisa, monga chinyezi chophimbidwa ndi penti, lijambuleni musanalikhudze, mutenge fomu imene wogulitsa anasainira yofotokoza zolakwika za nyumba, imene lamulo lakhala likufuna kuyambira February 2022 ngati nyumba yagulitsidwa kudzera mwa agent wogulitsa nyumba, mupite nayo kwa loya.

Pokonza masiku a ntchito, kumbukirani kuti chapakati pa December makampani a zomangamanga kuno amatseka mpaka kumayambiriro kwa January, ndipo ma complex ambiri salola amisiri nyengo imeneyo. Za padenga zisungireni miyezi yozizira, May mpaka August, pamene ku Gauteng kulibe mvula ndi matalala. Amayi akabwera khonde lisanatheke, apatseni chipinda cham'mwamba ngati miyendo yawo ikulola masitepe. Ngati ayi, sofa yotambasuka kukhala bedi pabalaza ndi katani yochindikala zimakwanira miyezi iwiri kapena itatu, ndipo zimenezo sizifuna siginecha ya munthu aliyense.